Timarozi Tomata ta pa Khonde la a Simbi

Bambo anga mumsewu mwathu amadziwika ndi dzina loti a Simbi. Mukafunsa dzina lawo lenileni, anthu angokuyang'anani ngati mwasochera. Moyo wawo wonse wathera pa kuchapa ndi kusita zovala za eni ake. Kasitolo kawo kanali chipinda chimodzi choyang'ana kumsewu, ndipo kuseri kwake kuli zipinda ziwiri ndi kakhonde. M'menemo ndimo tinakulira ana awiri, achimwene anga amene ndi chisamba, ndi ine mzime. Nkhani ndikukambayi imandipsetsabe mtima, ndiye ndikayamba kukweza mawu mungondipirira, pakamwa ndinatengera azakhali.

Bambo anali munthu wa maso. Kasitomala ankabwera ndi malaya n'kunena kuti ndi oyera, angofuna kusita basi. Bambo ankawanyamula kupita nawo pakhomo pamene pali kuwala, n'kuloza kadontho ka mafuta kuseri kwa kolala, komwe mwini wakeyo sanakaonepo. Chovala chilichonse ankayamba achitembenuza. Ankati litsiro la pamwamba ndi lopusa, lochenjera limabisala kunsi. Zala zawo nazonso zinali ndi nzeru zake. Ankangotsina nsalu pang'ono n'kudziwa kuti ili ndi thonje, uwu ndi ubweya, iyi simbi isayandikire. Nayiloni ankadana nayo koopsa. Ankati ndi nsalu yopanda ulemu, yonamizira silika, koma ikangoona moto imafota.

Kukangana ndi munthu sankadziwa, ndipo zimenezi zinkandinyansa ndili mtsikana. Kasitomala akawanyoza, iwo ankangoti phee. Zovala zakezo ankazichapa bwino kuposa kale, kuzisita, kuzipinda, kuzikulunga m'pepala la bulauni, kumanga ndi kachingwe, n'kupereka ndi manja awiri. Kenaka ankanena mawu awo aja: "Katundu wanu watha. Ulendo wina mukachapitse kwina." Mawu amenewa anawanena kwa anthu owerengeka okha, koma sanawabwezepo. Bambo wina amene ananamizira amayi kuti amuwotchera thalauza anabwera patapita zaka kudzapepesa. Bambo anamulonjera, kumupatsa mpando, kumufunsa za ana kunyumba. Koma thumba la zovala limene anabwera nalo anabwerera nalo losamasula.

Timarozi tinabwera ndi amayi. Mayi wina amene ankachapitsa makatani kwathu, posamuka anawasiyira kamtengo kamodzi m'chitini cha penti. Si marozi akuluakulu aja ayi. Awa ndi ang'onoang'ono, mtengo wake sufika m'bondo, duwa lake ngati batani la jekete, tsamba ngati chikhadabo cha mwana. Amayi ankadula tinthambi n'kumabzala m'zitini zina, mpaka khonde linadzaza kuchokera pakhomo kukafika pampopi. Bambo ankang'ung'udza kuti zitinizo zikuwatchinga akamakayanika zovala, komanso kuti duwa losadyedwa ndi longotha madzi. Koma ndi iwo omwe ankatola zitini zatsopano n'kuziboola kunsi ndi msomali.

M'mawa uliwonse amayi ankanyonyomala pakhondepo, kapu ya tiyi kudzanja limodzi, dzanja linalo likuyenda m'masamba. Ife tinkawaseka kuti akupereka moni kwa ana awo enieni. Palibe anafunsapo chimene zalazo zinkachita kunsi kwa masamba, ndipo amayi anapita nacho kumanda.

Amayi atamwalira, sipanapite nthawi bambo anatseka kasitolo. Anati msana watopa. Munthu mmodzi yekha ndi amene anapitiriza kumusitira: achimwene. Sabata iliyonse achimwene ankabwera ndi yunifolomu yawo m'thumba, bambo n'kuwayikira mzere pathalauza wakuthwa ngati mpeni. Anthu awiriwa kucheza sadziwa, ndiye kucheza kwawo kunali kumeneko. Nthawi yotsala yonse bambo ankathera pa timarozi ta amayi, tija ankatinyoza tija.

Achimwene ndi kapitawo wa alonda pakampani ina ya zachitetezo, ndipo ukapitawo umenewu sausiya kuntchito. Ali ndi kachitidwe kawo kamene amanyadira pagulu. Akapeza mlonda akugona samudzutsa. Amanyang'ama, kumuvula chipewa kapena kumutengera wenzulo, n'kuchokapo. M'mawa amamuyitanitsa ku ofesi n'kumufunsa mwaulemu wonse kuti chipewa chili kuti. Amati munthu usamatsutsane naye, uzingomuyikira umboni patebulo. Ndinkaseka nawo nkhani zimenezi, poti alondawo sindinkawadziwa.

Maliro atangotha achimwene anayamba nyimbo yoti bambo asamukire kwawo, kuli chipinda kuseri. Chilungamo ndinene, zifukwa anali nazo. Bambo anawotcha ketulo. Tsiku lina anaphonya sitepe n'kusupuka bondo. Koma achimwene sapempha, amalamula. Ankati, "Chala chimodzi sichiswa nsabwe, bambo. Nokhanokha muno mutha bwanji?" Bambo ankayankha mawu amodzimodzi, kuti m'nyumba imeneyi anakhalamo ndi amayi, ndipo adzatulukamo atanyamulidwa. Achimwene anandiuza pambali kuti akadzangopeza umboni woti bambo sangadzisamalire, sadzafunsanso munthu, adzabwera ndi galimoto.

Ndiye kunabwera nyengo yotentha, masamba a timarozi n'kuyamba kumata. Ine ndimagwira ntchito kophika buledi, kutali ndi kwathu, ndipo ndimapita kwa bambo tsiku langa lopuma. Nditafika tsiku limenelo, nsapato zinkachita kukakamira pasimenti ya khonde. Masamba ankanyezimira ngati wina wawathira madzi a shuga. Ena anali atada bii, ngati apakidwa mwaye. Nyerere zinali zitapanga msewu kuchokera pampopi, kukwera zitini, kutsika, osapuma. Timaluwa tosamasula tinali titaweramira pansi, tina titapindika. Bambo anali atakhala pakampando, beseni pambali, kansalu m'manja, akupukuta tsamba limodzilimodzi pamwamba pake ngati kolala ya bwana.

"Ndikachapa lero, mawa amatanso," anandiuza. "Litsiro lotere sindinalionepo."

Kumapeto kwa khonde kunali zitini zina zokhala ndi timitengo topsa, masamba atayoyoka. Nditafunsa, bambo anavomera kuti anayesako mankhwala oyeretsera zovala, aja amachotsa madontho ouma mutu. Ndinagwira pakamwa kuti ndisatukwane kholo. Duwa la amayi kuliviika ngati chinsalu cha patebulo! Koma ndimuuze ndani, munthu amene moyo wake wonse chinthu chikada amachichapa.

Ndinathothola kanthambi kamodzi n'kupita nako kwa mayi wogulitsa mbande pafupi ndi depoti ya mabasi. Mayiyo sanavutike n'komwe. Anakatembenuza n'kundiyang'ana ngati ndine chitsiru.

"Kumataku si matenda, achemwali, ndi chimbudzi cha tizilombo," anatero. "Nsabwe za m'masamba izi. Zimakhala kunsi kwa tsamba ndi kunsonga zanthete, zimayamwa madzi a mtengo n'kumatulutsa zotsekemera. Zotsekemerazo zimagwera pa masamba a m'munsi, ndiye mukumva kumatako. Chakudacho ndi nkhungu yomera pa zotsekemerazo. Nyerere nazo zimabwerera zomwezo, ndipo nsabwezi zimaziweta ngati ng'ombe."

Anandilangiza kuti tizizitikita ndi zala, tizitsuka kunsi kwa masamba ndi madzi a sopo wamba wochepa kwambiri, kenaka kutsukuluza ndi madzi oyera, m'mawa dzuwa lisanakwere. Nsonga zodzaza kwambiri tizingodula n'kukataya kutali. Zitini tizitalikitse kuti zisagundane, ndipo njira ya nyerere tiziyitsuka. Anati kamodzi sikakwana, tizilomboti timaswana ngati tikulipidwa, ndiye pafunika kubwereza osatopa.

Ndinabwerera kwa bambo nditafufuma ndi mkwiyo, ndipo sindinakhale n'komwe pansi.

"Bambo, inu amene munatiphunzitsa kuti litsiro lochenjera limabisala kunsi, tsamba limodzi lokha osalitembenuza? Mwapha maluwa a amayi chifukwa chopukuta pamwamba ngati wophunzira ntchito?"

Ndinatembenuza tsamba patsogolo pawo. Kunsiko kunali tho, tinsabwe tobiriwira, tina takuda, tothithikana ngati anthu m'basi ya m'mawa. Munthu wa maso akanationa ataima pampopi.

"Taonani nokha," ndinatero.

"Eya, ndationa," anayankha bambo.

Koma maso awo sanali pa tsambalo. Anali pa chitini cha pambali, pamene panalibe kanthu. Mkwiyo wanga unazima ngati khala logwera m'beseni. Ndinanyonyomala n'kuwafunsa pang'onopang'ono kuti akuona chiyani. Anayamba andikalipira kuti ndisawafunse ngati mwana wa sukulu. Kenaka anapotokola kansalu kaja.

"Pakati pali chifunga," anatero potsiriza. "M'mbali ndimaonako, koma chimene ndayang'ana ndi chimene chimasowa. Kuchipatala ndinapita ndekha. Anati si ng'ala yochotsa, ndi za mkati."

Msana sunatope ayi. Anatseka kasitolo chifukwa tsiku lina kasitomala anabweza malaya ali ndi dontho pachifuwa, dontho lalikulu loti mwana akanaliona, ndipo a Simbi anali atalisita pamwamba. Manyazi amenewo sanafune kuwalawanso.

"Mchimwene wako usamuuze," anandigwira mkono. "Akamva, ndatuluka muno."

Ndinalonjeza. Ndinalira pang'ono chobisa nkhope, ngakhale panalibe chobisira, kenaka tinayamba ntchito. Ndinkagwira chala chawo n'kuchiyika kunsi kwa tsamba kuti amve kusiyana kwa tsamba loyera ndi lodzaza tizilombo. Sanachedwe kugwira. Anati kuli ngati nsalu imene yayamba timabulubulu. Ndipamene tonse awiri tinazindikira chimene amayi ankachita m'mawa uliwonse ndi kapu ya tiyi m'manja. Sunali moni ayi, ankapha nsabwe zisanachuluke. Bambo anapukusa mutu n'kunena kuti mkazi ameneyu anali kapitawo weniweni, wogwira akuba osauza munthu. Tinadula nsonga, tinatsuka, tinatalikitsa zitini. Nditabweranso ulendo wotsatira masamba ankamatabe, koma tinsonga tatsopano tofiirira tinali titayamba kutuluka.

Kenaka kuntchito anzanga awiri anadwala nthawi imodzi, ndipo masiku anga opuma anathera mu uvuni. Ndinkangowayimbira bambo foni. Ankati ali bwino, koma mawu awo anali ouma, ndipo ndikafunsa za maluwa ankasintha nkhani. Tsiku lina m'mawa achimwene anandiyimbira kuti ndipemphe chilolezo ndibwere, pali zokambirana za pabanja.

Nditakhota kulowa mumsewu wathu ndinaona kalole kataima pakhomo, chitseko chakumbuyo chili chotsitsa. Mayi woyandikana nafe, amene timamutchula kuti a Wailesi chifukwa nkhani sigona m'mimba mwake, anali atatsamira mpanda ngati wagula tikiti. Achimwene anali pakhonde, manja kumbuyo. Ndipo khonde lonse linali psuu ndi maluwa, chitini chilichonse chitamasula, masamba obiriwira opanda banga. Mtima unadumpha ndi chimwemwe, chitsiru ine. Ndinathamanga n'kugwira tsamba. Linali louma, losalala, lokhala ndi kawaya mkati. Anali maluwa a nsalu ndi pulasitiki, ozikidwa m'dothi m'zitini za amayi.

"Maluwa a amayi ali kuti?" ndinafunsa.

"Kudzala," anayankha achimwene osaphethira. "Anali odwala kale, odzaza nyerere. Ndinabwera bambo atapita kometetsa, ndinazula onse n'kuyika awa. A Wailesi ndinawapempha kuti aziyang'ana. Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa uliwonse bambo amatuluka ndi beseni kudzathirira pulasitiki. Iwe unkadziwa kuti saona, ndipo unandibisira. Umboni ndi umenewo, lero akusamuka."

Zimene ndinawauza achimwene pakhonde paja sindingazibwereze zonse. Ndinawafunsa ngati anayamwa bere la amayi kapena anayamwa wenzulo. Ndinawauza kuti bambo si mlonda wogona pageti, kuti munthu amene amatchera kholo lake msampha ndi wosaphunzitsika ngakhale atavala mayunifolomu khumi. Timitengo timene amayi anatilera zaka zonsezo, timene bambo anatikwawira ndi mawondo otupa, kutitaya ngati makoko a nthochi pofuna kuwina mkangano! A Wailesi ndinawauzanso zawo, kuti akapeze ntchito yeniyeni asiye kulondera nkhalamba. Achimwene ankangobwereza kuti achitira bambo zabwino, tsiku lina nyumba idzapsa iwo ali mkati, ndipo ine ndidzalira kuposa onse.

Tili mkati mokalipirana, chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka atavala malaya oyera ositidwa bwino, atamanga mabatani mpaka pakhosi, ngati mmene ankavalira kasitolo kali kotsegula. Dzanja lawo lamanja linali lomanga ndi kansalu.

"Phokoso lakwana," anatero. "Iwe, wati ndimatani m'mawa?"

Achimwene anatsitsa mawu. "Mumathirira maluwa a pulasitiki, bambo. Si mlandu. Maso atha basi, tiyeni kunyumba."

"Kuthirira?" Bambo anatsina duwa limodzi pakati pa zala ziwiri. "Iyi ndi nayiloni, ya mtundu wotsika, utoto wake umasuluka. Inabwera ndi fumbi la m'sitolo. Ndimaichapa. Chinthu chakuda sichigona pakhonde panga, chingakhale chonyansa bwanji."

A Wailesi anachoka pampanda mwakachetechete. Bambo anatiuza kuti tiwatsatire, n'kutitsogolera kukasitolo kakale kaja, dzanja likuyenda pakhoma. Mkatimo munali monga kale, mashelefu opanda kanthu, simbi zitandandalikidwa, fungo la sopo lisanathe. Patebulo lositira, pafupi ndi zenera, panali chitini chimodzi. M'menemo munali kamtengo kothyoka mbali imodzi, komangidwa ndi kachingwe ka mapepala a bulauni, kali ndi masamba owerengeka.

"Nditabwera kometetsa ndinagwira tsamba, silinamate," anatero bambo. "Ndinadziwa pomwepo. Ndinadziwanso mwini ntchitoyo, chifukwa nkhani za zipewa ndazimva kokwanira. Ndinatenga ndodo n'kupita kudzala kumapeto kwa msewu."

Anafotokoza mopanda kukweza mawu, ndipo kufatsa kumeneko kunkandiwawa kuposa kulira. Anagwada pa zinyalala dzuwa lili pamutu, n'kumafufuza ndi manja, poti maso sakanawathandiza. Anagwira zowola, matewera a ana, nthenga za nkhuku. Botolo losweka linawacheka chikhatho. Ana odutsa ankaseka kuti a Simbi apenga.

"Kudzala zonyowa ndi zambiri, zoterera ndi zambiri," anatero. "Koma kumata kuja ndinali nditakuzolowera. Chala chitangokakamira pa tsamba, nyerere n'kundiluma, ndinati ndakupeza. Ambiri mbuzi zinali zitadya, ena dzuwa linawotcha mizu. Amene ndinatola ndinabzala onse. Kagwira ndi aka kokha."

Tangoganizani. Kumata kumene anamenyana nako mpaka kupha zitini ndi mankhwala, ndi kumene kunawalozera duwa la mkazi wawo pakati pa zinyalala. Ndinayang'ana achimwene.

"Maso apita, zimenezo sindikana," bambo anapitiriza. "Ukanandifunsa ngati bambo ako, mwina ndikanakana kamodzi, kawiri, kachitatu ndikanavomera, monga ndinavomerera kwa mlongo wakoyu. Koma iwe unabwera monyang'ama. Amayi ako ndinawayika kamodzi. Iwe wandichititsa kukawafukula kudzala."

"Ndimaopa kuti mudzapsa m'nyumba muno, bambo," anatero achimwene.

"Ndikudziwa."

Kenaka bambo anandituma kuti ndikazule maluwa a nayiloni onse ndibwere nawo. Ndinawazula ndi mtima wonse, ena ndinachita kuwapotokola makosi. Bambo anawalandira, kuwakutumula dothi, kuwongola amene ndinawapinda, n'kuwasanja patebulo mitu mbali imodzi. Anatsegula kabati n'kutulutsa yunifolomu ya achimwene ya sabata imeneyo, yositidwa kale, n'kuyiyika pansi pake. Nditaona akufufuza pepala la bulauni pashelefu, ndinadziwa kumene tikupita.

"Bambo, ayi," ndinatero, ine yemwe amene ndimafuna kuwang'amba achimwene ndi mano.

Sanandimve. Anakulunga, kupinda m'makona, kumanga kachingwe, zonse ndi zala, mfundo yake yomweyo imene tinakula tikuyiona. Ananyamula phukusilo ndi manja awiri n'kulunjika kumene kunkachokera mpweya wa achimwene.

"Katundu wanu watha. Ulendo wina mukachapitse kwina."

"Bambo, ndine mwana wanu."

"Mwana wanga ndinu, ndipo pakhomo pano muzibwera. Tengani katundu wanu."

Achimwene analandira. Munthu wamkulu, wa mimba yake, amene alonda amanjenjemera akamva nsapato zake, anaima pakati pa kasitolo atafukata phukusi ngati mwana amene wabwezedwa kusukulu. Kenaka anatuluka. Tinamva chitseko cha kalole chikutsekedwa, injini ikulira, ndipo kanapita kopanda ngakhale mpando umodzi.

Bambo akadali m'nyumba mwawo mpaka lero. Musaganize kuti ndikusimba mokondwa. Ndine wokwiya ndi achimwene, ndipo kukwiya kumeneku sindikuona kuti kutha liti. Koma ndine wokwiyanso ndi bambo, chifukwa ketulo ija anawotchadi, sitepe ija anaphonyadi, ndipo ine ndimagona ndi foni pakhutu. Ndinawagulira ketulo yozima yokha, ndinapaka sitepe penti yoyera kuti aziyionera m'mbali mwa diso, ndipo a Wailesi omwe aja ndi amene ndinakawapepesa kuti azisuzumirako masana. Ndinawauza bambo kuti mawu aja anali a makasitomala, osati a mwana wobereka okha. Anandiyankha kuti mawuwo ndi a munthu aliyense amene wanyoza ntchito ya amayi anga, ndipo woyamba kuwamva anali wa thalauza uja. Nkhalamba youma mutu ngati iyi sindinaionepo, ndipo ndikadziyang'ana ndimaona kumene ndinatengera zina.

Kamtengo kaja kanachira. Tinakabwezera pakhonde, pakati pa zitini zopanda kanthu zimene bambo amakana kuti ndizichotse. Nsabwe zimabwerabe, makamaka kukatentha, ndipo nyerere sizinataye mtima. M'mawa bambo amanyonyomala pamalo pa amayi paja, kapu ya tiyi kudzanja limodzi, linalo kunsi kwa masamba. Tina timawaphonya, tobisala m'makona a nsonga, ndiye timeneto timadikira ine. Tadulako tinthambi tiwiri n'kubzala, kamodzi kakuoneka ngati kagwira.

Achimwene amabwera. Tsiku langa lopuma lapitali anandipeza komweko. Analowa ndi thumba lawo lija la yunifolomu n'kuliyika pansi pafupi ndi mwendo wa bambo, pamene sangalephere kuligunda. Bambo anawalonjera, kuwapatsa mpando, kuwafunsa za alamu ndi ana. Anacheza za mvula, za msewu umene akukumba. Phazi la bambo linagunda thumbalo kangapo, koma dzanja silinatsike. Nthawi yotsanzika itakwana achimwene anaima, anadikira pang'ono, kenaka anawerama n'kunyamula thumba lawo. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndinkafuna kuwamenya onse awiri ndi chitini.

Mapazi awo atazimiririka mumsewu, bambo anayamba kusisita tsamba limodzi.

"Thalauza lake lili bwanji?" anandifunsa.

"Lili ndi mizere iwiri," ndinayankha. "Ndipo pabondo lawala, wina anadinda simbi yotentha kwambiri."

Zala zimene sizinakwinyepo silika wa anthu zinafinya katsamba kaja, mpaka anakasiya kuti angakathothole. Ndinadikira kuti mwina anena kuti ndithamange ndikawayitane achimwene asanakwere basi. Ndinali nditavala kale nsapato imodzi.

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunditambasulira chala.

"Vula nsapatoyo," anatero. "Tandiyika chala pamene patsala tizilomboto."